Khoswe Akakhala Pamkhate Sapheka

Mwambi umenewu umatuluka pamene nkhani yafika pothina. Mbuzi yasowa m'khola, anthu atsata mapazi, ndipo mapaziwo akathera pakhomo pa mphwawo wa amfumu. Pabwalo pamakhala zii. Kenaka wina wamkulu amakonza kukhosi n'kunena kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo aliyense amamva. Wolakwa akudziwika, chibonga chilipo, mkono ndi wamphamvu, koma pamene wakhala wolakwayo ndi pa chinthu chimene palibe angafune kuti chisweke. Mkhate ndi wadothi. Unaumbidwa ndi manja, unauma pamthunzi masiku ambiri, unawotchedwa, ndipo ukaphwanyika subwereranso. Woponya chibonga akhoza kupha khoswe, koma agona alibe mkhate.

Ena amautenga mwambiwu ngati chilolezo chomusiya wolakwa. Ine sindiumva choncho. Makolo sankakonda makoswe, ndipo sankanena kuti khosweyo akhale pamenepo mpaka kalekale. Chimene ankanena n'chakuti chida chimene chili m'manjacho n'chosayenera ntchitoyo, popeza sichisiyanitsa chofuna kuphedwa ndi chofuna kusungidwa.

Palibe matenda amene mwambiwu umawakhala bwino ngati khansa. Malungo amabwera ndi kachirombo kochokera kwa udzudzu, ndipo TB imabwera ndi bakiteriya. Alendo amenewa ali ndi matupi osiyana ndi athu, n'chifukwa chake mankhwala amatha kuwapha ife n'kutsala. Penisilini amawononga khoma la bakiteriya, khoma limene maselo a munthu alibe. Khansa si mlendo. Ndi selo la mwini thupi, la m'bere, la m'mapapo kapena la m'magazi, limene malangizo ake a m'kati asokonekera, n'kusiya kumvera lamulo loti lileke kugawikana. Limadya zomwe anzake akudya, ndipo pafupifupi chilichonse chimene lili nacho anzakewo ali nachonso. Ngakhale khansa ya khomo la chiberekero, imene imayamba ndi kachirombo ka HPV, chotupa chakecho ndi mnofu wa mayi yemweyo.

Kwa zaka zambiri madokotala analibe chida china koma chibonga. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, William Halsted wa kuchipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore anakhazikitsa opaleshoni yochotsa bere lonse pamodzi ndi minofu ya pachifuwa ndi anabere a m'khwapa. Amayi ankatsala ndi chifuwa chophwa, ndipo ambiri mkono unkatupa moyo wawo wonse. Zinatenga kafukufuku wa Bernard Fisher ndi anzake m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 kuti zioneke kuti kudula kwambiri sikunali kutalikitsa moyo kuposa kudula pang'ono. Kemo nayenso anachokera kumalo oopsa: mankhwala oyamba, amene anayesedwa ku Yale mu 1942, anali achibale a mpweya wapoizoni wa kunkhondo. Kemo amapha selo lililonse limene likugawikana mwamsanga. Maselo a khansa amatero, koma amateronso a patsinde la tsitsi, a m'kamwa, a m'matumbo ndi a m'mafupa amene amapanga magazi. Aliyense amene anadwazikapo munthu wolandira kemo akudziwa zotsatira zake: tsitsi lotsala papilo m'mawa, zilonda za m'kamwa zoletsa ngakhale phala, nseru, ndi thupi lolephera kudziteteza ku chimfine wamba. Sindikunyoza kemo ayi. Wachiritsa anthu osawerengeka, kuphatikizapo ana ambiri odwala khansa ya Burkitt kuno ku Africa, ndipo mpaka lero ndiye msana wa chithandizo cha khansa zambiri. Koma mtengo wake umalipiridwa ndi mkhate.

Maganizo oti pangapezeke njira ina ndi akale. Paul Ehrlich, wasayansi wa ku Germany amene analandira mphoto ya Nobel mu 1908, anaona kuti utoto wina umamata pamaselo ena n'kusiya ena, ndipo anaganiza kuti mankhwala nawonso akhoza kusankha chomwecho. Thupi lenilenilo lili nacho kale chida chotere. Pakati pa asilikali a m'thupi pali maselo otchedwa B, amene amapanga mapuloteni otchedwa ma-antibody. Antibody ili ndi maonekedwe a chilembo cha Y. Nsonga zake ziwiri zimagwira chinthu chimodzi chokha chimene zinapangidwira, pamene tsinde lake limaitana asilikali ena kuti adzawononge chogwidwacho. Vuto linali lakuti m'magazi muli ma-antibody a mitundu yosawerengeka, osakanikirana, ndipo selo lopanga mtundu umene munthu akuufuna limafa msanga likatulutsidwa m'thupi.

Amene anamasula mfundo imeneyi ndi César Milstein wa ku Argentina ndi Georges Köhler wa ku Germany, akugwira ntchito ku Cambridge mu 1975. Anabaya mbewa maselo ofiira a magazi a nkhosa, n'kutenga maselo a m'kapamba wa mbewayo, n'kuwalumikiza ndi maselo a khansa yotchedwa myeloma, amene sasiya kugawikana. Selo lobadwa pamenepo linatenga mbali zonse ziwiri: linkapanga antibody ya mtundu umodzi, ndipo silinkafa. Njirayi sanailembetse ngati katundu wawo, moti malabotale a padziko lonse anaitenga. Mu 1984 awiriwa analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Niels Jerne. Komabe chisangalalo choyamba chinazirala msanga, chifukwa thupi la munthu linkazindikira kuti antibody ya mbewa ndi yachilendo n'kuyamba kulimbana nayo. Mu 1986 Greg Winter, ku Cambridge komweko, anasonyeza kuti n'zotheka kutenga tinsonga togwirira tokha ta antibody ya mbewa n'kutiika pa antibody ya munthu.

Chida chinapezeka. Chimene chinatsala, chomwe kwa ine ndi mtima wa nkhani yonseyi, chinali kudziwa poloza. Antibody siidziwa khansa. Imadziwa chizindikiro chimene yauzidwa basi. Pankafunika munthu woti ayang'anitsitse khosweyo mpaka apeze chimene ali nacho chosiyana ndi mkhate.

Dennis Slamon, dokotala wa khansa pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles, ankasunga mufiriji zotupa zochotsedwa kwa odwala. Axel Ullrich wa kukampani ya Genentech anali atapatula jini yotchedwa HER2, imene imapangitsa puloteni yokhala pakhungu la selo, yolandira uthenga woti selo likule ndi kugawikana. Jini yofanana nayo gulu la Robert Weinberg linali litaipeza kale m'zotupa za makoswe a mulabotale. Slamon anatenga zida za Ullrich n'kuyamba kupima zotupa zake chimodzichimodzi. Mu 1987 iye ndi anzake anafalitsa zimene anapeza m'zotupa za m'mawere 189: pafupifupi 30 pa 100 zilizonse zinali ndi makope ochuluka a jini imeneyi, ndipo amayi a zotupa zimenezo khansa inkawabwerera msanga, n'kumwaliranso msanga. Ziwerengero za masiku ano zimati ndi odwala 15 mpaka 20 pa 100 alionse. Selo labwinobwino limakhala ndi mapuloteni a HER2 okwana masauzande makumi ochepa, pamene selo la khansa yotereyi limatha kukhala nawo mpaka 2 miliyoni. Limamva uthenga woti likule ngakhale palibe wautumiza. Amayi awiri okhala benchi imodzi pachipatala, onse ouzidwa kuti ali ndi khansa ya m'mawere, anapezeka kuti akudwala matenda awiri osiyana.

Ku Genentech gulu la Michael Shepard linali ndi antibody ya mbewa yotchedwa 4D5, imene inkaletsa maselo amenewa kukula m'mbale za mulabotale. Paul Carter, amene anaphunzira kwa Winter, anaisandutsa kukhala yaumunthu pafupifupi yonse. Ndiyo trastuzumab, imene imagulitsidwa ndi dzina loti Herceptin. Njira yake sinali yosalala. Kampaniyo inkazengereza, popeza inali itataya kale ndalama pa mankhwala ena a khansa, ndipo mbali ina ya ntchito ya Slamon inayenda ndi thandizo lochokera kukampani ya zodzoladzola ya Revlon. Kafukufuku ali m'kati, amayi odwala kwambiri anamva za mankhwalawo n'kuyamba kuwapempha. Chakumapeto kwa 1994, mayi wina amene analinso dokotala atamwalira asanawalandire, anzake anachita zionetsero pamalo a kampaniyo ku South San Francisco, motengera njira za omenyera ufulu wa odwala Edzi. Pambuyo pake kampaniyo inavomera kupereka mankhwala kwa ena amene sanali m'kafukufuku, ndipo chifukwa anali ochepa, ankasankhidwa mwa maere.

Kafukufuku wamkulu anali wa amayi 469 amene khansa inali itafalikira kale m'thupi. Olandira kemo yekha ankakhala moyo miyezi pafupifupi 20, pamene olandira kemo ndi trastuzumab ankafika miyezi 25. Wina akhoza kufunsa kuti miyezi isanu n'chiyani. Funso limenelo ayankhe ndi mayi amene mwana wake akulemba mayeso chaka chomwecho. Boma la America linavomereza mankhwalawa mu September 1998, pasanathe chaka chimodzi chivomerezereni rituximab, antibody yolimbana ndi khansa ya anabere. Phindu lalikulu linadzaoneka mu 2005, pamene kafukufuku wa amayi masauzande anasonyeza kuti mankhwalawa akaperekedwa kwa chaka chimodzi pambuyo pa opaleshoni, khansa isanafalikire, kubwerera kwa matenda kumatsika ndi pafupifupi theka.

Chinthu chimodzi sichitchulidwa mokwanira. Amayi 469 aja sanatengedwe mwachisawawa. Aliyense chotupa chake chinayamba chapimidwa. Mankhwalawa akanaperekedwa kwa wodwala aliyense wa khansa ya m'mawere, anayi mwa asanu alionse sakanapindula kanthu, phindu la wachisanuyo likanamira m'chiwerengero cha anzake, ndipo mwina trastuzumab akanatayidwa ngati wolephera. N'chifukwa chake njira yopimira HER2 inavomerezedwa nthawi imodzi ndi mankhwalawo. Kupimako kumachitika motere. Kachidutswa ka chotupa kamaumitsidwa m'phula, n'kudulidwa tizigawo topyapyala kuposa tsitsi, n'kuikidwa pakagalasi. Amadonthezapo antibody ina yogwira HER2, kenaka mankhwala osintha mtundu pamene yagwirapo. Dokotala wopima minofu akasuzumira mumaikulosikopu amaona timadontho tabuluu, tomwe ndi pakati pa maselo. Ngati HER2 ndi wochuluka, selo lililonse limakhala litazunguliridwa ndi mzere wabulawuni wochindikala, wosaduka paliponse, ndipo amalemba 3+. Kagalasi kakakhala kotumbuluka amalemba 0 kapena 1+. Kakakhala pakatikati, 2+, pamafunika kupima kwina kowerenga makope a jini yeniyeniyo. Chithandizo cha chaka chathunthu chimadalira maso a munthu mmodzi pa kagalasi kameneko.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa, koma mwambi uja sunagonje. M'kafukufuku yemwe uja, amayi 27 pa 100 alionse amene analandira trastuzumab pamodzi ndi kemo wa mtundu wa anthracycline anapezeka ndi mtima wofooka, pamene mwa olandira kemoyo yekha anali 8 pa 100. Palibe ankayembekezera zimenezo. Zinadziwika kuti minofu ya mtima nayonso ili ndi HER2 pang'ono, ndipo imamudalira podzikonza ikavulala. Kemo ankavulaza mtima, antibody n'kutseka njira yodzikonzera. Chizindikiro chimene anthu ankati n'cha khoswe yekha chinapezekanso pamkhate. Madokotala sanataye mankhwalawo. Anasiya kuwapereka nthawi imodzi ndi kemo wa mtundu umenewo, ndipo lero mayi wolandira trastuzumab amaunikidwa mtima asanayambe, n'kumaunikidwanso miyezi itatu iliyonse. Mtima ukaonetsa kufooka amayamba aimitsa, ndipo kwa ambiri umabwerera mwakale.

M'badwo wotsatira wa mankhwalawa unapita patsogolo. Asayansi anamangirira poizoni wamphamvu kwambiri, wosatheka kuperekedwa payekha, ku antibody, kuti selo la khansa likameza antibodyyo limezenso poizoniyo. Oyamba a mtundu umenewu, Mylotarg, a khansa ya m'magazi, anavomerezedwa mu 2000, anachotsedwa pamsika wa ku America mu 2010 zitaoneka kuti sakutalikitsa moyo pamene ena akufa nawo, ndipo anabwereranso mu 2017 ndi mlingo wocheperako wogawidwa kangapo. Pa khansa ya HER2, mu 2013 kunabwera Kadcyla, ndipo mu 2019 Enhertu, wopangidwa ndi kampani ya ku Japan ya Daiichi Sankyo mogwirizana ndi AstraZeneca. Antibody iliyonse ya Enhertu imanyamula tizigawo ta poizoni pafupifupi 8, ndipo poizoniyo akamasuka m'selo limodzi amadutsa n'kulowa m'maselo oyandikana nalo. Chifukwa cha zimenezi, kafukufuku wa mu 2022 anasonyeza kuti amathandizanso amayi a HER2 wochepa, aja a 1+ ndi ena a 2+, amene kale ankauzidwa kuti mankhwala otere si awo. Koma kudutsa komweko kumabweretsanso nseru ndi kuthothoka kwa tsitsi, ndipo pafupifupi 12 pa 100 alionse m'kafukufukuyo anatupa mapapo, ena ochepa mpaka kumwalira. Choncho ndikamva wina akunena kuti mankhwala atsopanowa amapha khansa yokha osakhudza china chilichonse, ndimadandaula, chifukwa wodwala wouzidwa zimenezo sathamangira kuchipatala akayamba kutsokomola kapena kubanika, pamene kufulumira n'kumene kungamupulumutse.

Palinso nkhani ya ndalama. Antibody siisakanizidwa ngati mapiritsi. Imapangidwa ndi maselo amoyo oleredwa m'mathanki akuluakulu achitsulo, imasungidwa mufiriji, ndipo imaperekedwa padiripi kapena pajekeseni chifukwa m'mimba ikhoza kugayidwa ngati chakudya. Zimenezi zimakweza mtengo, koma si zokhazo. Umwini wa mankhwala nawonso umaukweza. Ku South Africa chithandizo cha chaka chimodzi chinkafika pafupifupi R500,000 m'zipatala zolipira. Tobeka Daki wa ku Mdantsane anapezeka ndi khansa ya HER2 mu 2013, anauzidwa dzina la mankhwala oyenera matenda ake, koma sanawalandire. Anakhala womenyera ufulu wa odwala anzake mpaka anamwalira mu November 2016, ndipo chaka chotsatira mabungwe anayambitsa kampeni yokhala ndi dzina lake yofuna kuti mtengo utsike. Mu 2015 bungwe la WHO linaika trastuzumab ndi rituximab pamndandanda wa mankhwala ofunikira, ndipo mu December 2019 linavomereza koyamba trastuzumab wopangidwa ndi kampani ina, Samsung Bioepis ya ku South Korea, amene mtengo wake ndi wotsikirapo kwambiri. Kuyambira 1998 kufika pamenepo panadutsa zaka 21.

Kuno kwathu njira yayamba kuoneka. Pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, labotale yopima minofu inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi yunivesite ya North Carolina, ndipo mu 2021 ofufuza a kumeneko anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti rituximab wotsika mtengo wochokera ku India akhoza kuperekedwa bwinobwino kwa odwala khansa ya anabere, kuphatikizapo amene ali ndi HIV. Dongosolo lake ndi loyenera kulizindikira: labotale inayamba, mankhwala anatsatira. Tikamakamba za mankhwala atsopano timakonda kukamba za botolo, osakamba za dokotala wopima minofu, makina ounikira mtima, firiji yosazima ndi galimoto yonyamula zopimidwa kuchoka kuchipatala cha boma laling'ono. Popanda zimenezi, antibody ndi madzi okwera mtengo operekedwa mongoganizira.

Ndipo zimayambira pa chinthu chaching'ono kwambiri. Malangizo amene malabotale ambiri amatsata amati chotupa chikachotsedwa chilowe m'mankhwala osungira minofu otchedwa formalin ola limodzi lisanathe, ndipo chikhalemo maola osachepera 6 koma osapitirira 72. Chotupa chachikulu chiyenera kuchekedwa kuti mankhwalawo alowe mpaka m'kati. Chikasiyidwa m'beseni m'chipinda cha opaleshoni mpaka madzulo, kapena chikagona m'botolo milungu ingapo kudikira transipoti, mapuloteni a pakhungu la maselo amawonongeka. Kulabotale kagalasi kakhoza kutuluka kotumbuluka, pepala n'kulembedwa kuti HER2 palibe, ndipo mayi amene chotupa chake chinali 3+ adzapatsidwa kemo yekha, ngakhale botolo la trastuzumab litakhala mufiriji ya chipatala chomwecho.